Fokasi ikamaphonya pa lenzi ya wide: fufuzani kaye musanaigulitse

Dandaulo lake limamveka chimodzimodzi kwa ojambula ambiri kuno ku Salima. Munthu wasunga ndalama kwa miyezi, waitanitsa kwa m'bale wake ku Joni kapena wakagula kwa wina ku Lilongwe lenzi ya wide (yoona malo aakulu) yotsegula kwambiri, ya f/2.8 kapena f/1.8 (nambalayi ikachepa, lenzi imalowetsa kuwala kochuluka), n'cholinga choti azijambula m'maholo amdima komanso kuti gulu lonse la aperekezi lizikwana pa chithunzi chimodzi. Loweruka wagwira nayo ukwati, ndipo pa kasikirini ka kamera zonse zikuoneka kuti zili bwino. Lolemba potsegula pa kompyuta ndi pomwe mutu ukuima: zithunzi zina nkhope za akwati zili mbee, zina zili chimbuuzi, pomwe mabwato ndi mathandala a usipa amene anali kumbuyo kwawo akuoneka mpaka nsungwi iliyonse. Malo omwewo, kuwala komweko, munthu wojambula yemweyo.

Malenzi amene amatchulidwa kawirikawiri ndi Sigma 18-35mm f/1.8 imene inatuluka mu 2013, Tokina 11-16mm f/2.8, Tamron 17-50mm f/2.8, ndi ena a mtundu umenewu. Onsewa ndi malenzi abwino. Chimene chimandipweteka ndi kuona mnyamata akugulitsa lenzi yotere pa mtengo wozizira chifukwa cha kukhumudwa, kapena akuipereka kwa wokonza mafoni kuti aimasule, pomwe vuto likanatha ndi masana amodzi okhala pansi n'kuiyesa. Funso loyamba si lakuti lenziyi yafa kapena ayi. Funso ndi lakuti: ikamaphonya, imaphonyera mbali imodzi nthawi zonse, kapena imangophonya mwachisawawa? Matenda awiriwa ndi osiyana, mankhwala akenso ndi osiyana.

Tisanafike kumeneko, chotsani kaye zing'onozing'ono. Onani kabatani ka AF (kamera kupeza fokasi yokha) ndi MF (kuzungulitsa fokasi ndi dzanja) pa lenzi, ndi pa kamera ngati kalipo. Pa Tokina palibe kabatani; mkombero wa fokasi ndi umene umakankhidwira kutsogolo kuti ikhale AF, ndi kukokedwera kumbuyo kuti ikhale MF, ndipo m'chikwama umatha kuima pakatikati. Tokina 11-16mm yoyambirira ya Nikon ilibe mota mkati, choncho pa D3200, D5300 ndi anzake a m'magulu amenewo siizungulira n'komwe. Ili ndi mota ndi imene inalembedwa kuti DX II. Kagudumu kakang'ono ka pambali pa viewfinder, kawindo koikapo diso kaja, kakasuntha, diso lanu limaona chimbuuzi ngakhale kamera itagwira bwino, ndiye katembenuzeni mpaka manambala a mkatimo awoneke bwino. Kenako yang'anitsitsani chithunzi choipacho. Ngati pali chinthu china chimene chatuluka bwino, kaya khoma kaya mpando, ndiye kuti ndi fokasi. Ngati chithunzi chonse chapakika ndipo palibe pomwe pali bwino, limenelo ndi dzanja kapena shutter yochedwa kutseka. Anthu akuvina pa perekaniperekani simungawaimitse ndi shutter ya 1/40 ya sekondi popanda fulashi, ngakhale lenzi itakhala yotani.

Momwe kamera imapezera fokasi

Pa kamera ya DSLR, imene ili ndi galasi loyang'anira mkati mwake, mukamayang'ana mu viewfinder, sensa imene imajambula chithunzi si imene imayeza fokasi. Kuwala kwina kumadutsa pa galasi lalikulu lija, n'kugunda kagalasi kena kakang'ono kuseri kwake, n'kutsikira pansi pa kamera pomwe pali kasensa kapadera ka fokasi. Kasensako ndi kamene kamauza lenzi kuti izungulire mpaka pati. Njira ya kuwala kopita ku kasensako ikasiyana pang'ono chabe ndi njira yopita ku sensa yaikulu, kamera imalira kuti yagwira pomwe yagwira kutsogolo kapena kumbuyo kwa munthu. Pa lenzi yobwera ndi kamera ija, ya 18-55mm imene imathera pa f/5.6, kusiyanako kumabisika chifukwa malo otuluka bwino ndi aakulu. Pa f/1.8 palibe pobisala. Pa kamera ya sensa yaing'ono monga D3200, lenzi ili pa 35mm ndi f/1.8, munthu ali mamita awiri kuchokera pomwe mwaima, malo otuluka bwino ndi pafupifupi masentimita 24 okha, ndipo mukakulitsa chithunzi pa kompyuta amachepa kuposa pamenepo.

Mukayatsa Live View, kujambula mukuyang'ana pa sikirini ya kumbuyo, galasi limakwera, ndipo fokasi imayezedwa pa sensa yojambulayo. Apa palibe njira ziwiri zoti zisiyane. N'chifukwa chake Live View ndi mboni yanu yodalirika pa kafukufuku yense.

Kuyesa kwake

Chitani masana, pakhonde kapena pamthunzi wowala bwino, osati usiku pa babu. Matani tsamba la nyuzipepala pa katoni yosalala, muimike katoniyo chilili pa tebulo, ndipo pambali pake tsamiritsani rula mopendekeka kuti pakati pa rulayo palingane ndi nyuzipepala, mbali ina ibwere kwa inu, ina ipite kumbuyo. Kamera ikhale pa tripod, moyang'anizana ndi nyuzipepala mowongoka, pa mtunda umene mumajambulira anthu masiku onse, mamita awiri kapena atatu. Tsegulani aperture, kabowo kolowetsa kuwala ka mu lenzi, mpaka pothera, sankhani kabokosi ka fokasi kamodzi ka pakati, ikani One Shot ngati ndi Canon kapena AF-S ngati ndi Nikon (fokasi yogwira kamodzi n'kuima), zimitsani IS kapena VR (choletsa kugwedera kwa chithunzi), ndipo gwiritsani ntchito timer ya masekondi awiri kuti dzanja lisagwedeze kamera.

Jambulani zithunzi zitatu pa Live View. Kenako jambulani khumi kudzera mu viewfinder, koma chithunzi chilichonse musanajambule, sokonezani fokasi dala: ikani dzanja kutsogolo kwa lenzi kuti igwire pafupi, ulendo wina iyang'anitseni kutali, kenako mubwerere pa nyuzipepala. Popanda kutero mukungojambula fokasi imodzi kakhumi. Bwerezani zonsezi kumayambiriro kwa zoom, pakati, ndi kothera. Zithunzizo mukaziwonere pa kompyuta mutazikulitsa, osati pa kasikirini, ndipo lembani pa pepala kuti pa chilichonse rula yaoneka bwino kutsogolo, pakati, kapena kumbuyo.

Ganizirani sikelo ya wogula mpunga ku Lifuwu. Sikelo imene nthawi zonse imachotsa theka la kilogalamu ndi yosavuta: mukadziwa, mumaikonza kapena mumawonjezera thekalo. Koma imene thumba lomwelo ikuti 50, kenako 47, kenako 52, simungaikonze pongosuntha muvi. Pepala lanu lija likuuzani kuti muli ndi sikelo iti.

Ikamaphonyera mbali imodzi

Live View yatuluka bwino, koma pa khumi za viewfinder zija pafupifupi zonse zagwira kumbuyo, kapena zonse kutsogolo. Apa sangalalani, chifukwa ndi vuto lokhala ndi yankho. Pa Nikon pitani pa AF fine-tune, pa Canon pa AF Microadjustment. Manambala amayambira pa -20 mpaka +20. A kuphatikiza amakankhira fokasi kutali ndi kamera, a kuchotsa amaikokera kwa inu. Ngati ikugwira kumbuyo, yambani ndi -5, yesaninso, kenako -10, mpaka mutadutsa pabwino, n'kubwerera pang'onopang'ono. Nikon D7500, D500 ndi D850 zimatha kudziyeza zokha poyerekeza ndi Live View, koma nazonso ziyeseni kangapo n'kutenga nambala imene ikubwerabwera.

Chovuta ndi zoom. Lenzi imatha kufuna -3 pa 18mm koma -12 pa 35mm. Canon 70D, 80D, 7D Mark II ndi 5D Mark III zimalola manambala awiri, W ya mbali ya wide ndi T ya mbali yaitali. Makamera a Nikon monga D7000, D7100 ndi D7200 amasunga nambala imodzi pa lenzi iliyonse. Zikatero, ine ndimati kondereni mbali yaitali ya zoom, chifukwa ndi kumene malo otuluka bwino ali ochepa. Mbali ya wide imakhululuka. Eni Sigma ya gulu la Art ali ndi mwayi wina: USB Dock, chida cholumikizira lenzi ku kompyuta, imalola kusintha mkati mwa lenzi momwemo pa malo anayi a zoom ndi mitunda inayi, zonse pamodzi manambala 16. Ndi ntchito yotopetsa, yofuna tsiku lathunthu, koma imathandiza ngakhale amene kamera yawo ilibe fine-tune. Sichida choti aliyense akhale ndi chake. Ojambula angapo akhoza kusonkherana n'kugula chimodzi, malinga onse akhale a Canon kapena onse a Nikon, popeza chimapangidwa motsata kamwa ya lenzi.

Makamera ambiri amene tili nawo m'boma muno alibe fine-tune n'komwe: Canon 600D, 700D, 1300D, 2000D, ngakhale 60D, komanso Nikon za magulu a D3000 ndi D5000. Ngati yanu ndi imodzi mwa izi, musataye nthawi kufufuza mu menyu. Tsekani aperture kufika f/4 pomwe kuwala kulipo, ndipo zithunzi zofunika kwambiri, monga kuvekana mphete ndi chithunzi cha akwati awiri okha, zijambuleni pa Live View.

Ikamaphonya mwachisawawa

Apa ndi pomwe ambiri amadzivulaza. Akaona zithunzi zitatu zagwira kumbuyo amathamangira kusintha manambala, mawa zagwira kutsogolo, asinthanso, mapeto ake lenzi yasokonekera kuposa poyamba. Ngati pepala lanu likusonyeza zina kutsogolo, zina kumbuyo, zina pakati, siyani fine-tune pa 0 ndipo yang'anani kwina.

Yambani ndi timano tagolide ta kumbuyo kwa lenzi ndi tinzake ta pakamwa pa kamera. Kamera ndi lenzi zimalankhulana kudzera pamenepo, ndipo kuno kunyanja chinyezi, thukuta la mu Okutobala ndi fumbi zimapanga kautoto kosaoneka ndi maso. Pukutani ndi kansalu koyera kouma ka magalasi, kapena konyowetsedwa pang'ono ndi isopropyl. Musapale ndi chitsulo, musapake mafuta alionse. Ngati Canon yanu imalemba Err 01 nthawi zina, kapena Nikon imaonetsa F ndi timizere tiwiri pamalo pa nambala ya aperture, kulankhulanako ndiye kukudukaduka. Gwirani lenzi ili pa kamera, muigwedeze pang'ono. Kakusuntha kochepa kozungulira n'kabwinobwino, koma ikamagwedera m'mwamba ndi pansi, onani tizomangira ta pa mkombero wachitsulo. Malenzi awa ndi olemera, Sigma ija imapitirira magalamu 800, ndipo kuyenda nayo pa kabaza itapachikidwa pakhosi m'misewu ya mabampu kumamasula tizomangirato.

Chachiwiri ndi kasensa ka fokasi ka pansi kaja. Kali pa malo pomwe chilichonse chogwa chimafikira. Mwera ukamaomba m'miyezi yozizira, wina n'kumasintha lenzi ali pa mchenga ku Senga Bay kamera itayang'ana kumwamba, mchenga wosalala umalowa n'kukakhala pomwepo. Kachitsotso kamodzi n'kokwanira kusokoneza kabokosi kamodzi kapena tiwiri pomwe tina tikugwira bwino. Batire likhale lodzaza, sankhani mu menyu poyeretsera sensa kuti galasi likwere, yang'anitsani kamera pansi, n'kupopera mpweya ndi kapampu ka labala. Osauzira ndi pakamwa, malovu amasiya madontho. Osalowetsa chala kapena thonje.

Chachitatu ndi fyuluta. Malenzi ambiri akaunjika amabwera ndi fyuluta ya UV yotchipa, nthawi zina yokalika kapena ya chifunga. Ichotseni muyesenso. Mukamajambula moyang'ana dzuwa likutuluka panyanja, galasi loonjezeralo limabalalitsa kuwala ndipo fokasi imayamba kusakasaka.

Dziwaninso kuti timabokosi ta fokasi si tofanana mphamvu. Ka pakati ndi kamene kamaona mizere yoima ndi yogona yomwe, ndipo pa makamera otsika mtengo nthawi zambiri ndi kokhako kotero. Ta m'mbali timavutika mumdima, makamaka ndi lenzi ya kampani ina yosiyana ndi ya kamera. Ojambula m'maiko ambiri akhala akunena zimenezi za Sigma 18-35mm pa ma DSLR: pakati imagwira, m'mbali imakayikitsa. Yesani kabokosi kalikonse kamene mumakonda kugwiritsa ntchito pa nyuzipepala ija, mudziwe toti muzitidalira ndi toti muzitipewa.

Pa tebulo ikugwira, ku ukwati ikuphonya

Izi ndi zimene zimachitika kawirikawiri kuposa zonse, ndipo ndikufuna tichedwepo. Lenzi ya wide imachepetsa zinthu. Pa 11mm kapena 18mm, munthu amene waima mamita anayi kapena asanu nkhope yake ndi kadontho. Tsono malo enieni amene kasensa kamayang'ana ndi okulirapo kuposa kabokosi kamene mumaona mu viewfinder. Inu mwaika kabokosi pa nkhope ya mkwatibwi, koma kasensa kakuonanso zimene zili kuseri kwa khutu lake. Nkhope ili pamthunzi, yosalala, dzuwa lili kumbuyo. Kuseri kuli mabango, zingwe za khoka, mafunde onyezimira, chilumba cha Namalenje chitadula mzere wakuda pamadzi. Kamera imasankha chimene chili ndi mizere yooneka kwambiri, ndipo imalira kuti yagwira. Sinaname, yagwiradi, koma yagwira mabango.

Yankho ndi kuipatsa chinthu chachikulu chokhala ndi mizere, chimene chili pa mtunda umodzi ndi nkhope: pomwe kolala yoyera yakumana ndi jekete lakuda, maluwa a m'manja, nsalu ya yunifomu ya chinkhoswe. Kabokosi konse kadzaze ndi munthuyo, kasalendewere m'mphepete mwa mutu. Ndipo chotsani zoti kamera izisankha yokha timabokosi; pa gulu la anthu imathamangira amene ali pafupi kwambiri, kawirikawiri mwana amene wadutsa kutsogolo.

Pali chizolowezi china chimene tinaphunzira pa malenzi aatali: kugwira fokasi ndi kabokosi ka pakati, kenako kutembenuza kamera kuti munthu akhale m'mbali. Pa wide, kutembenuzako kumakhala kwakukulu. Munthu ali mamita awiri, inu mwatembenuza kamera madigiri 30, fokasi imatsalira pafupifupi masentimita 27 kumbuyo kwake. Pa f/5.6 simungazindikire, pa f/1.8 maso afewa. Mukafuna munthu m'mbali muli pafupi naye, tsekani aperture pang'ono kapena gwiritsani Live View n'kuika kabokosi pankhope pomwepo. Chimodzimodzi kugwira fokasi kenako n'kusuntha zoom: malenzi ambiri ojambulira zithunzi sasunga fokasi zoom ikasuntha. Yambani zoom, fokasi pambuyo.

Za magulu ndinene mosabisa: f/2.8 si ya chithunzi cha banja lonse. Ankhoswe akhala pa mipando, akwati aima kumbuyo kwawo, aperekezi mzere wachitatu, wina akukuwa kuti "Achimwene, jambulani msanga, dzuwa latiwotcha!" Musalole kufulumirako kukuiwalitseni aperture. Ikani f/5.6 kapena f/8, gwirani pa mzere woyamba kapena wachiwiri. Malenzi a wide otsegula kwambiri amafewa m'mphepete akakhala pothera, ndipo malo awo otuluka bwino si osalala ngati khoma, amapindika pang'ono, choncho azakhali amene aima kumapeto kwa mzere amatuluka chimbuuzi ngakhale fokasi ya pakati ili bwino.

M'holo madzulo nkhani ndi kuwala. Magetsi akathima n'kuyatsa jenereta, kapena a zoimbira akayatsa timagetsi tawo tofiira ndi tobiriwira tothwanima, kasensa kamasowa pogwira. Fulashi ya pamwamba ili ndi kuwala kofiira kothandiza fokasi, koma kumayaka pa One Shot kapena AF-S basi. Mukaika AI Servo kapena AF-C, zotsatira chinthu choyenda, sikuyaka. Pewani AI Focus ndi AF-A, chifukwa kamera imasinthasintha yokha pakati pa ziwirizi inu osadziwa. Ndipo pa gule weniweni, pomwe ndalama zikuuluka ndipo aliyense akusuntha, lenzi ya wide ili ndi mphatso imene yaitali ilibe: mukhoza kuzimitsa autofocus. Pa kamera ya sensa yaing'ono, ikani 18mm, f/5.6, gwirani chinthu chimene chili mamita atatu, sinthani kupita ku MF. Kuyambira pafupifupi mita imodzi ndi theka mpaka kumapeto kwa holo zituluka bwino, fulashi ndiyo iziimitsa anthu. Pa 11mm gwirani pa mita imodzi ndi theka, zotsala zonse zilowa. Kamatepi kakang'ono pa mkombero kamathandiza kuti usasunthe.

Kutentha nakonso kumanamiza. Masana a mu Okutobala ndi Novembala, mpweya wa pamwamba pa mchenga ndi pa tara umachita kuvina, ndipo zakutali zimafewa ngakhale fokasi ili yolondola. Komanso mukatulutsa kamera m'chipinda kapena m'galimoto yozizira n'kulowa mu chinyezi cha kunyanja, magalasi amachita nthunzi, kunja ndi mkati momwe. Isiyeni m'chikwama chotseka kwa mphindi khumi kapena kuposerapo kuti ifunde pang'onopang'ono.

Live View nayo ikalephera

Ngati ngakhale pa Live View, ngakhale mutazungulitsa ndi dzanja mutakulitsa pa sikirini, nyuzipepala sikutuluka bwino, ndiye vuto lili m'magalasi. Jambulani khoma la njerwa mowongoka: mbali imodzi ikakhala bwino ina chimbuuzi, galasi lina la mkati linasuntha, kawirikawiri chifukwa lenzi inagwapo. Unikani ndi tochi ya foni kuchokera kumbuyo muli m'chipinda chamdima. Tifumbi tochepa tisakudetseni nkhawa, koma timizere tonga ukonde wa kangaude ndi chuku, chimene chimakonda lenzi yosungidwa m'chikwama chotseka nyengo ya dzinja. Sungani zida m'chidebe chotseka bwino chokhala ndi timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi, ndipo timapaketito muzitiumitsa kawirikawiri. Mota ikamalira mokwekwesa, kapena ikamaima panjira n'kufuna kuithandiza ndi dzanja, imeneyonso si ya pakhomo.

Musanakwere minibasi ya ku Lilongwe, bwerekani kamera ya mnzanu muyese lenzi yanu, ndipo lenzi yake muiyese pa kamera yanu. Malenzi onse akamaphonyera mbali imodzi pa kamera yanu yokha, wodwala ndi kamera. Amene asamukira ku mirrorless, makamera opanda galasi lija, apeza kuti kuphonyera mbali imodzi kuja kumatha pafupifupi konse, popeza fokasi imayezedwa pa sensa yojambula, ndipo lenzi yomwe ankaida pa DSLR imatha kugwira bwino kudzera pa adaputala; koma adaputala ya Nikon ya FTZ siizungulitsa malenzi opanda mota, monga Tokina yoyamba ija.

Kwa wokonza pitani ndi zonse ziwiri, kamera ndi lenzi, pamodzi ndi kadi ya zithunzi zoyesera ndi pepala lanu lija. Mufunseni ngati anatsegulapo lenzi ya mtundu umenewo ndiponso ngati ali ndi poyezera akamaliza kumanga, chifukwa magalasi a zoom ya wide akabwezedwa mopendekeka pang'ono pokha, mbali imodzi ya chithunzi siidzatulukanso bwino. Mugwirizane mtengo asanamasule, ndipo polandira muyeserenso pomwepo pa nyuzipepala, pa 18mm ndi pa 35mm kapena malire a lenzi yanu, musanapereke ndalama yotsala.